Gulupu ya Othamangitsidwa ku Biwi

Leston Gwanda anali munthu wabwino, pamenepo tisakangane. Ankawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo ku Biwi, ndipo geti lake ukalitseka limatsekeka ndithu, mphaka amene amafika n'kubwerera. Vuto linali lakuti atazolowera kutsekera anthu nyumba, anayamba kuona ngati chilichonse cha pansi pano chimafuna loko.

Anthu a mzere wawo, kuyambira pachigayo mpaka kumunsi kotungira madzi, anali ndi gulupu ya pa Watsapu yotchedwa Tidziwane Biwi. Leston anamusankha kukhala adimini chifukwa bandulo sinkamuthera, komanso sankamwa. Poyamba gulupuyo inali ngati msika wa Loweruka. Uyu akulengeza maliro, uyu akugulitsa nkhuku zoyera, uyu akufunsa ngati magetsi ayaka kumtunda, wina naye watumiza vesi la m'mawa lozunguliridwa ndi maluwa ovina. Ndiye kunali Anti Elube, mayi a ku Dedza ogulitsa kaunjika pamsika. Iwowa sankalemba, ankati zilembo za mufoni n'zazing'ono ngati nsabwe. Ankangodina kabatani n'kutsegula pakamwa. Voisi ya Anti Elube ukaitsegula ukukwera minibasi ku Biwi, imakatha ukutsika mudepoti.

Zinthu zinaipa pamene wina anaponya mugulupu chithunzi cha Olipa, mtsikana wantchito wa m'nyumba ina, n'kulemba kuti waba foni ya abwana ake. Foniyo inadzapezeka m'kati mwa sofa, koma chithunzicho chinali chitafika kale ku Mtandire, ku 25, mpaka kwa makolo a mnyamata amene ankafuna kumutomera. Olipa anamanga katundu wake m'chitenje n'kubwerera kumudzi akulira. Leston zinamuwawa, ndipo zinayenera kumuwawa. Mawa lake analemba kuti, “Kuyambira lero wolemba muno ndi adimini yekha. Amene ali ndi uthenga atumize kwa ine, ndiuone kaye.” Atatero anadina, gulupu khwapu, yatsekeka.

Dzuwa lisanafike pamutu, Anti Elube anatulukira pashedi yake atanyamula ambulera.

“Odi kuno ku Boma!”

Leston anakweza chigoba chake chowotcherera. “Lowani, anti.”

“Ndabwera kudzapempha chilolezo, Aboma. Madzulo ano ndikufuna kuyetsemula. Nditumize kaye kwa inu muone ngati n'zoyenera?”

Anyamata a garaja yoyandikana anaseka mpaka wina anagwetsa sipanala.

“Anti, musaseweretse nkhani. Munaona zimene zinamuchitikira Olipa. Pakamwa pa anthu ndi moto.”

“Ndi moto, eya, ndani wakana? Koma mwana akapsa ndi phala sugumula mafuwa. Wonamizira Olipa tikumudziwa tonse, bwanji osakamukoka khutu iyeyo? Wabiba panjira ndi mmodzi, iwe wasoka mudzi wonse kumbuyo.”

“Kusefa si tchimo, anti. Mayiko akuluakulu amasefa intaneti. Kusukulu kwa Thandie wanga makompyuta amatseka okha masamba oipa, ana asaone zolaula.”

“Thandie ndi mwana, atsekereni. Nanga ine, ndi mano anayi atsalawa, ukundiona ngati mwana wa folomu yoyamba? Ndipo sefa imeneyo akugwira ndani? Iwe. Ukagona, sefa yagona. Ukakwiya, sefa yakwiya.”

“Bola chete kusiyana ndi bodza.”

“Chete ali kumanda, mwana wanga, ndipo palibe amene akulimbirana malo kumeneko.”

Anasiyana osamvana. Anti Elube anayamba kumutumizira mavoisi kumbali, m'mawa, masana, ena oimba nyimbo za chitelera zomutchula dzina. Leston anawachotsa mugulupu n'kuwabuloka. Abdullah, woyendetsa njinga yamoto ya kabaza, anafunsa kuti, “Bwana, nanga anti alakwa chiyani?” Naye panja. Mayi wa tomato anadandaula kuti uthenga wake unachedwa mpaka tomato anaola. Panja. Aliyense wokweza chala ankapeza chitseko. Mwezi usanathe gulupu inali zii. Leston ankalemba kuti, “Tisataye zinyalala mungalande,” ndipo palibe ankatsutsa. Ankalemba kuti, “Tilemekeze akuluakulu,” palibe wotsutsa. Ankauza mkazi wake Mirriam kuti, “Waona, mayi a Thandie? Mtendere.” Mirriam ankangoti, “Eee,” maso ali pa nyemba zimene akusankha.

Tsono m'nyumba mwawo munali bambo ake a Leston, a Josiah, amene anawatenga ku Tsangano mayi atamwalira. Thupi linali lolimba, miyendo ya munthu amene anakula akukwera mapiri, koma mutu unali utayamba kutaya zinthu. Tsiku lina ankamudziwa Leston, tsiku lina ankamupatsa moni ngati mlendo n'kumufunsa kuti kwanu n'kuti. Chimene sankaiwala ndi ng'ombe zawo, zimene zinagulitsidwa Thandie asanabadwe. M'mawa uliwonse ankafunsa ngati zatulutsidwa m'khola.

Loweruka lina m'mawa, Mirriam atapita kotunga madzi, Leston ali m'bafa, mdala anasolola chitsulo cha geti n'kutuluka. Nsapato anazisiya pakhonde, jekete pampando.

Anayamba ndi kufunsa oyandikana nawo. Anapita kutchalitchi, pachigayo, pabawo pamene madala amakhala. Palibe. Leston anatenga chithunzi chimene anawajambula pa Khirisimasi n'kuponya mu Tidziwane Biwi: “Bambo anga asowa. Mutu wawo suyenda bwino. Amene wawaona andiimbire.” Anakhala pansi foni ili m'manja. Anadikira. Anayang'ana amene awerenga, n'kupeza anthu owerengeka ndi dzanja limodzi, chifukwa gulupu yongolalikira zinyalala ndani angaitsegule Loweruka m'mawa? Anthu anali ataiika kukona ngati kalendala ya chaka chatha. Mkulu wa mpingo mmodzi anamutumizira kumbali timanja topemphera. Basi.

“Anthu a ku Biwi ndi ouma mtima,” anatero Leston. “Munthu wasowa, onse chete!”

Koma si mkwiyo umene unkamuyankhulitsa, anali mantha. Aliyense wokhala m'tauni muno amadziwa chimene chimagwera nkhalamba yachilendo ikapezeka pakhomo la eni, yopanda nsapato, yolephera kutchula kumene ikuchokera. Safunsa kuti agogo mwatayika kodi. Amati yagwa pa lichero. Leston anali ataonapo mavidiyo otere, ndipo ankadziwa mmene amathera.

Mirriam anaima pakhomo, dzanja lili pamfundo ya chitenje chake. Mfundoyo inkachita njenjenje, kuleka, njenjenje, ngati muli chiwala.

“N'chiyani chikulira pamenepo?”

“Foni.”

“Nanga bwanji osayankha?”

“Bambo a Thandie, musakwiye. Pali gulupu ina.”

“Ina iti?”

“Ya Othamangitsidwa. Anayambitsa ndi Anti Elube. Adimini ndi aliyense.”

“Iwe ndinakuthamangitsa liti?”

“Ine ndinangolowa. Amayi abusa ali momwemo. Mlongo wanu wa ku 49 ali momwemo.” Anamasula mfundo. “Ndimaopa kuitsegula pamaso panu.”

Tsiku lina Leston akanafunsa zambiri. Tsiku limenelo anangolanda foniyo. Mauthenga anali mbwee, ngati ngumbi mvula yoyamba itagwa. Anakwera m'mwamba ndi chala, kudutsa wogulitsa makala, kudutsa mkangano wa mpira, mpaka anafika pa vidiyo imene mnyamata wina dzina lake Owen anaitenga kugulupu ina n'kuiponya mmenemo. Pansi pake analemba kuti, “Mfiti yagwa ku Kawale 2, mafuta anathera m'malere.” Anthu angapo anali atayikapo tinkhope toseka mpaka misozi.

Leston anadina. Munthu wokalamba atakhala pansi pafupi ndi khola la mbuzi, malaya atavula, akuphimba kumaso ndi chigongono. Anthu akukuwa. Ngakhale chithunzi chinkagwedezeka, mapazi aja Leston anawadziwa, mapazi otambalala ngati makasu. Anakhala pa ndowa.

Pansi pa tinkhope toseka panali voisi ya Anti Elube. Chodabwitsa chake, inali yaifupi.

“Inu agalu inu, mukuseka chiyani? Amenewo ndi bambo awo a Aboma, a Gwanda aakulu, amadwala mutu. Abdullah, siya pasenjala amene wanyamulayo, bwera unditenge pamsika pompano. Amene muli ndi abale ku Kawale imbani mafoni, auzeni nkhalambayo ili ndi eni ake. Wina akamuuze Leston ndi pakamwa, ine anandibuloka.”

Kenako mauthenga anasintha ngati mphepo. Mayi wa tomato uja analemba kuti anawaona akuwoloka msewu akufunsa za ng'ombe ya mawanga. Wina anazindikira mpanda wa mu vidiyo, anati ndi kuseri kwa malo ogulitsira matabwa. Wina anati mlamu wake amakhala mzere womwewo, wamuimbira, akuthamangira komweko. Leston asanamalize kuwerenga, pageti panalira hutala. Anali mnzake wa Abdullah, njinga ili chilirire.

“Bwana adimini, kwerani! Akuti tikutengeni mmene mulilimo.”

Anakwera ndi patapata mmodzi wake, mmodzi wa Mirriam.

Ku Kawale anamva phokoso asanaone anthu. Khamu linali litadzaza kanjira, ena atakwera pampanda, mafoni m'mwamba. Leston anadzipanikiza pakati pawo akukankha ndi mapewa. Atafika kutsogolo anapeza njinga zamoto zitaimikidwa mondondozana ngati mpanda, anyamata a kabaza ataima kumbuyo kwake manja atapinda. M'kati mwa mpandawo, pafumbi, munali bambo ake. Pamphumi pawo pankatsika kamzere ka magazi. Pambali pawo, miyendo atatambasula ngati ali paukwati, panali Anti Elube. Chitenje chawo chapamwamba anali atawafunditsa mdala, dzanja limodzi atawakoleka m'khosi.

“Ndikuti ndi amuna anga awa!” ankakuwa anti. “Mfiti? Awa? Munthu woti akakwera minibasi amasanza tisanafike pa Mchesi, ndiye akwere lichero? Andithawa m'mawa chifukwa ndinawatuma kotunga madzi. Amuna a ku Ntcheu ulesi!”

Ena anaseka. Ena sanaseke. Mwini nyumba, mayi wonenepa amene anali atagwira mwana kudzanja, anati, “Nanga m'mpanda mwanga alowa bwanji? Ndawapeza akuyankhula ndi mbuzi zanga!”

“Alowera pageti, mayi, geti lanulo n'lomanga ndi waya wa magetsi. Ndipo mbuzi zanu zayankha chiyani? Ngati zayankha, mfiti ndi mbuzizo, tiyambe ndi zimenezo.”

Apa kuseka kunakula. Koma kumbali kunali mnyamata wa kapusi yofiira atagwira chidutswa cha njerwa, akuchiyeza m'manja. Anti Elube anamuloza ndi ambulera.

“Iwe wa kapusi, tandiyang'ana. Buluku wavalalo unagula kwa ine, zipi yake ndinasoka ndekha. Agogo ako amuna ali moyo?”

Mnyamatayo anayang'ana kumbali. “Ali kumudzi.”

“Amakudziwa masiku onse?”

Mnyamatayo anaweramitsa mutu.

“Ndiye ponya. Ponya, koma uyambe ine, ndine wonenepa, suphonya. Anzako akujambula, mayi ako aonera madzulo ano.”

Njerwa ija inatsika pang'onopang'ono mpaka inagwa yokha pafupi ndi phazi lake. Leston anadutsa pakati pa njinga ziwiri n'kugwada pafumbi.

“Bambo.”

A Josiah anamuyang'ana nthawi yaitali. Maso awo anali ngati a mwana wotayika pamsika. Kenako anamugwira dzanja mwamphamvu.

“Leston. Ng'ombe zija sindinazipeze. Ndapeza mbuzi zokhazokha.”

“Zili m'khola, bambo. Ndazitsekera ndekha, zonse zakwana.”

“Ya mawanga ija?”

“Ilipo. Yadya.”

Mdala anapumira m'mwamba, mapewa n'kugwa. Anthu atamva zimenezo anayamba kubalalika mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana mapazi ake. Mwini nyumba uja analowa m'nyumba n'kutuluka ndi beseni la madzi ndi kansalu. Anagwada n'kuyamba kupukuta magazi aja yekha, akungoti, “Pepani agogo, pepani, ifetu mantha.” Abdullah anapeza malaya a mdala atakolekedwa pakhola, opindidwa bwinobwino, monga amachitira munthu akafuna kugwira ntchito.

Kuchipatala anati bala ndi laling'ono, anamata pulasitala. Pofika masana a Josiah anali pakhonde kwawo, mapazi ali m'madzi ofunda, akumwa tiyi ndi mbatata ngati palibe chachitika. Anti Elube anakhala pamkeka akudzikupiza ndi chivundikiro cha poto. Leston anazungulirazungulira, kulowa, kutuluka, kenako anabwera n'kugwada patsogolo pawo, bambo wandevu zake, n'kuyamba kuwomba m'manja mwa chikulu.

“Anti, ine pakamwa pandiuma. Mukanapanda inu, lero bwenzi tikukhoma bokosi. Zikomo. Zikomo kwambiri. Mulungu akusungeni.”

“Iii, Boma lagwada! Mirriam, jambula msanga, zimenezi sizichitika kawiri.” Koma maso awo anali atanyowa, anapukuta ndi nsonga ya duku. “Dzuka, mwana wanga. Uthokoze Abdullah amene wasiya pasenjala pakati pa msewu ndi thumba la ufa. Uthokoze wa tomato. Ine ndangopereka pakamwa, ndi chimene ndili nacho chambiri.”

Leston anakhala pa njerwa. Koma munthu sasintha tsiku limodzi ngati birimankhwe.

“Komabe anti, ndinene. Vidiyo ija inadutsa mugulupu yanu. Anthu anaikapo zoseka. Khamu lija linakula chifukwa cha mafoni omwewo. Mwala umene wawagenda bambo unabwera ndi mauthenga.”

“Sindikana.”

“Ndiye mukuona kuti ndinali ndi mfundo.”

“Unali nayo, ndipo ukadali nayo. Koma tandiuza, vidiyoyo ikanapanda kudutsa pamaso panga, ndikanaionera kuti? Bodza likanayenda ndithu, m'magulupu a ku Kawale, a ku 23, konseko. Kungoti likanayenda kumene kulibe munthu wodziwa nkhope ya bambo ako. Iwe unatseka khomo loti bodza lisalowe, koma ndi khomo lomwelo lolowera wolitsutsa.”

“Nanga Olipa? Anamutsutsira ndani?”

Anti Elube anasiya kudzikupiza. “Palibe. Tonse tinangoonera, ine ndemwe. Pamenepo tinalakwa, ndipo loko wako sanamubweze mwanayo.” Anatenga foni yawo n'kuipereka kwa Leston. “Tamvera ichi.”

Inali voisi ya Owen, mawu ali pansi ngati wadzuka kumene. Anati vidiyo ija waifufuta, watumizanso uthenga kumene anaitenga kuti mdalayo ndi wodwala, si mfiti. Anati wapepesa kwa banja la a Gwanda, ndipo abwera yekha kudzapepesa pamaso.

“Mwamuchotsa mugulupu?” anafunsa Leston.

“Achoke apite kuti? Akaname kwina kumene sitikumumva? Ayi, akhale pompo. Amayi abusa amutsuka, Abdullah wamutsuka, ine ndamutsuka kawiri ndi kumuyanika. Mawa akafuna kuponya chinthu chala chizimuyabwa kaye.”

A Josiah anaika kapu pansi n'kuloza Anti Elube ndi mbatata. “Leston, mayi awa ndi ndani?”

“Iii, mwandiiwala kale, amuna anga? Ukwati wa m'mawa womwewu?”

Mdala anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. “Ndinasankha bwino,” anatero, n'kupitiriza kudya. Mirriam anaseka mpaka anakhala pansi.

Madzulo a tsiku lomwelo Leston anachotsa buloko pa manambala onse, n'kutsegula Tidziwane Biwi kuti aliyense alembe. Palibe analemba, anthu anali atasamuka kalekale. Ndiye anachita chimene chinatsala: anapempha Mirriam kuti amulowetse kwa Othamangitsidwa. Atangolowa, Abdullah analemba kuti, “Takulandirani bwana, muno malamulo ndi awiri, osanama ndi osatukwana mayi a munthu.” Wina anati, “Aboma athawa boma lawo!” Leston anadina kabatani kuti athokoze ndi mawu ake. Anati, “Abale anga,” kenako analephera kupitiriza. Voisi inapita choncho, muli kupuma kokhakokha ndi tambala wa oyandikana nawo. Anthu anaimva, ndipo palibe anaseka.

Chimene anagwirizana mugulupumo, atakangana mpaka mabatire kutha, n'chakuti nkhalamba ya miyendo yolimba sungaimange pakhonde ngati mbuzi. Chithunzi cha a Josiah chinapita kwa a kabaza onse, kwa amayi a pamsika, kwa a matabwa ku Kawale, ngakhale kwa mayi wa mbuzi uja, amene anapempha yekha kuti amulowetse. Leston anatsutsa poyamba, ankafuna bambo ake azikhala m'mpanda. Anamuposa mawu, ndipo ulendo uno analibe kabatani kotsekera anthu pakamwa.

Lachitatu lotsatira Leston ali kuntchito, foni inanjenjemera m'thumba la ovolosi. Mirriam analemba kuti bambo atuluka, nsapato avala. Leston anasiya kuwotcherera. Anazimitsa makina. Posakhalitsa wa pachigayo analemba kuti adutsa, wawapatsa moni, akulowera kumsika. Wa tomato anati mdala wamusankhira tomato wakupsa n'kumuuza kuti akuwonjeza mtengo. Kenako inabwera voisi, yaitali ngati kale.

“Aboma, gwirani ntchito, musatekeseke. Amuna anga afika, ali pano pa kaunjika, ndawakhazika pa belo. Akuyesa jekete la chikopa, akuti akufuna kukaonekera kwa apongozi ku Dedza. Akatopa Abdullah awabweretsa. Ndipo poti ndatsegula kale pakamwa, inu a kumtunda amene mukuthira madzi a sopo m'njira…”

Leston anatsitsa chigoba chowotcherera kumaso ngakhale makina anali ozimitsa. Anyamata a garaja anamuona ataima choncho, mapewa akugwedezeka, foni ili pakhutu, ndipo anamusiya mpaka anti anamaliza.